Chingwe cha Mbuzi pa Choum

Alamu anga a Cheikhna ali ndi ngongole yanga ya dzanja, ndipo mpaka lero sanabweze.

Tsiku limenelo sitima yonyamula miyala ya chitsulo inaima pa siteshoni ya m'chipululu ya Choum dzuwa litapendeka. Sitima imeneyi sidikira munthu. Ndinali nditangomaliza miyezi yolira mwamuna wanga, ndipo ndinali ndi mbuzi zisanu zokagulitsa ku mzinda wa Nouadhibou chikondwerero cha Idi chisanakwane. Akuchimuna anali atanena kale kuti ndikalephera kudyetsa ana, adzawatenga.

A Cheikhna anali atakwera kale pamwamba pa bogi, atadzikumbira kadzenje m'fumbi lachitsulolo, ketulo ya tiyi ili pambali.

"Alamu, dzanja! Landirani mbuzi, kenako mundikoke."

"Dzanja langa silikhudza mkazi wa m'bale wanga. Chipembedzo chimaletsa."

"Mbuzinso ndi mkazi wa m'bale wanu? Tsitsani nduwira yanuyo ndigwire!"

"Bwererani kunyumba, mayi. Mbuzizo ndigula ine, pamtengo wachibale."

"Mtengo wachibalewo kagulireni chikopa."

Ndinadzimanga nsalu m'chiuno, n'kusenza mbuzi pakhosi, n'kukwera makwerero otentha ngati chiwaya. Ndinatsika, n'kukwezanso ina. Yachitatu nditangoiponya pamwamba, ndinamva mabogi akugundana kuchokera kutsogolo, gu! gu! gu! kubwera kwa ife. Bogi yathu inakutumuka n'kunyamuka, ine ndili pamwamba. Mbuzi ziwiri zinatsala pansi zikulira, zikucheperachepera m'mchenga. A Cheikhna ankangothira tiyi wawo.

Zitatuzo ndinazigulitsa mokakamira, wogula mpaka anatukwana. Ana anga sanatengedwe. Paulendo wotsatira ndinanyamula chingwe chokwezera mbuzi, ndipo sindinapemphenso dzanja la munthu.

Chaka chatha, patapita zaka khumi ndi zinayi, ndili pamwamba pa bogi ndi mwana wanga wamkazi Zeinebou, ndinamva mawu pansi. Anali a Cheikhna, atakalamba, maso atachita ng'ala, akupita kuchipatala ku Nouadhibou. Ankapapasa chitsulo osapeza makwerero. Anazindikira mawu anga pamwambapo.

"Mayi Mbarka, ndinu? Dzanja, alamu!"

"Chipembedzo chinasintha liti?"

"Musatero, sitima inyamuka!"

"Amayi, chonde," anatero Zeinebou.

Kutsogolo mabogi anayamba kugundana. Ndinaponya chingwe.

"Mangani m'khwapa, mmene timamangira tonde. Msanga!"

Tinawakoka awiri, miyendo ikupalasa m'mwamba, nsapato imodzi n'kugwera m'njanji. Anagwa chafufumimba pafumbi, pakati pa mbuzi zanga.

Atapuma, nkhope ili bii, anatambasula dzanja.

"Basi, alamu, zakale zithe. Nali dzanja lija."

Ndinaliyang'ana bwinobwino. Kenako ndinawamasula chingwe chija, n'kuchikulunga pachigongono panga.

"Lisungeni. Ndinkalifuna tsiku lija. Sunthani, mwakhalira chakudya cha mbuzi."