Kachulu ka Kunja kwa Mpanda

Chichokereni kumanda kuja, mtima wa Mai Nangondo sunakhale pansi, ndipo sanadziwe chifukwa chake. Ulendo unali utayenda bwino. Amai a Chigwirizano anadzaza basi m'mamawa kukaona malo akale a m'mbali mwa nyanja. Anaona mizinga yadzimbiri ya pa boma lakale, kenako anafika pa mishoni pamene tchalitchi cha njerwa chinali chiimirebe, chopanda mng'alu. Mai Nangondo anasisita khoma lake, natamanda Mulungu amene amapatsa anthu luso. Pa manda a azungu oyamba, amene malungo anawadula akadali anyamata, anagwetsa msozi.

"Nangondo, tijambuleni tonse!" anatero Mai Chikaonda, mtsogoleri wawo. "Koma ndi kufupika kwanuko mutidula mitu."

Amai anafa nako kuseka. Mai Nangondo anatuluka kunja kwa mpanda wa mandawo, nakwera kachulu ka m'udzu, najambula.

Atadya chamasana, Mai Nangondo anatsamira mtengo wa mango, tulo tinawaba.

Anamva fungo la dothi lonyowa ndi utsi wa uvuni. Tchalitchi chija chinalibe denga. Anthu anali pamzere, njerwa pamutu, thukuta kamukamu, koma phazi silinkamveka. Mmodzi anatuluka pamzerepo, matope mpaka m'mawondo. Anali agogo awo, a Yotamu, mmisiri womanga, amene anamwalira iwo akadali mtsikana.

"Esinati," anawaitana ndi dzina la ubwana.

Anagwada. "Wawa, agogo."

"Khoma walisisita, wachita bwino. Azungu wawalira, wachitanso bwino, anali anthu olimba mtima. Koma nsapato yako yaponda pachifuwa pa Kalilangwe. Ndinkaponda naye dothi la njerwa zimenezi. Malungo anali omwewo, koma iye sanamuikire mwala. Usakwere basi usanamupepese."

Hutala ya basi inawadzidzimutsa.

"Kwerani, amai!" anakuwa dalaivala. "Nsanja ya wotchi sitinaione, njira ndi yaitali!"

Mai Nangondo anafotokozera anzawo zonse.

"Amenewo ndi maloto a mpunga," anatero Mai Chikaonda. "Munaonjezera kawiri, tinakuonani."

"Mukhoza kundisiya, amai. Ine sindikwera."

Anauyamba wobwerera kumanda okha. Anzawo anawatsatira akung'ung'udza. Pa kachulu paja anavula nsapato, nagwada, nayamba kuzula udzu ndi manja. Kumutu kwake kunaoneka chibenthu cha njerwa chozikika choimirira. Pambali panali kachulu kena, ndi kenanso, mzere wonse mpaka kukalowa m'thengo.

Mai Chikaonda anavula nsapato zawo, namanga chitenje pamwamba pa yunifolomu. Amai onse anagwada m'udzumo, ndipo wina anayambitsa chapansipansi nyimbo ya kuuka kwa akufa. Dalaivala anazimitsa injini, nakabwereka khasu ku nyumba yapafupi.

"Pepani, agogo Kalilangwe," ananong'ona Mai Nangondo. "Sindinadziwe. Ife sitinakulembeni, koma Mbusa amadziwa nkhosa zake ndi maina."

Nsanja ya wotchi sanaione tsikulo. Pochoka, Mai Chikaonda anawapatsa foni.

"Tijambuleninso, Nangondo, koma kuno. Imani pansi. Mitu mukaidula palibe kanthu, bola manda aoneke."