Pepala la Masiginecha

Yunivesite itandipatsa mwayi wofufuza momwe abusa amalalikira nthawi ya kampeni, inandiikira lamulo limodzi: aliyense wocheza nane asayine papepala kuti wavomera. Amayi asanu ndi awiri a mukwaya anasayina. Kenako anandinong'oneza kuti abusa awo amamana mgonero aliyense wokana kuvotera mlamu wa abusawo.

Lamlungu masana, nditangotuluka m'tchalitchi, akuluampingo awiri anandikokera kuseri kwa zimbudzi. Mmodzi, yemwe m'mawa ankayendetsa mbale ya chopereka, anandiwomba mbama mpaka khutu linalira. Mnzake anaponda foni yanga ndi chidendene.

"Wakuuza ndani za mgonerozi, mtsikana iwe? Bweretsa mayina."

Pepala lija linali m'thumba la malaya anga. Atandigwetsa chafufumimba n'kuyamba kukhuthula chikwama changa, ndinalikwinya n'kuliika m'kamwa. Anandiona ndikutafuna. Wina anandikanyanga pakhosi, wina akundiponda m'nthiti, koma ndinameza ndithu, pamodzi ndi magazi ndi kachidutswa ka dzino.

Patatha milungu itatu ndinakakhala mu ofesi ya aphunzitsi ondiyang'anira, ndikupuma movutikira. Anawerenga zonse zimene amayi aja anandiuza, akugwedeza mutu.

"Ntchito yabwino kwambiri iyi," anatero. "Koma komiti siingailandire popanda masiginecha. Pepala lija lili kuti?"

Ndinawafotokozera zonse, ndinawaonetsanso dzino lobenthukalo. Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi tayi yawo.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero. "Ndiye mubwerereko, akasayinenso."