Kanema Amene Levi Anasiyira Mwawi

Tsiku limene abale a Levi anabwera kudzagawana katundu wa malemu, Tionenji, mkazi wake, sanalimbane ndi munthu. Anthu a ku Kawale amene ankasuzumira m'mipanda anaganiza kuti chisoni chamuumitsa pakamwa. Ayi ndithu, mkaziyo ankadziwa chimene akuchita. Mipando inatuluka, iye phee. Makamera awiri amene mwamuna wake ankajambulira maukwati ndi zinkhoswe analowa m'chikwama cha a Ezekiel, akulu ake a Levi, iye maso pansi. Pomaliza a Ezekiel ananyamula laputopu, ati ikathandiza mwana wawo amene akuyamba koleji, ndipo Tionenji anachita kuwapatsira yekha chaja yake.

Chimene iye ankafuna chinali chitagona kale pansi pa ndowa ya ufa, chitakulungidwa m'jumbo. Kanali kadisiki kakuda kosungira zinthu za pakompyuta, kokula ngati sopo wosambira.

Kutatsala mwezi kuti amwalire, Levi atamva kwa madokotala kuti impso zake zagonja, anauza mkazi wake Lamulungu lina kuti apite ku tchalitchi ndi mwana, asafulumire kubwera. Iye anavala suti ya pa ukwati wawo, imene tsopano inkamukhuthukira m'mapewa, n'kukhala patsogolo pa kamera. Analankhula maola awiri ndi theka. Zonsezo zinali za Mwawi, mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka zitatu.

"Asadzamve za ine kwa anthu okha," anatero madzulo ake. "Ndipo abale angawa ndikuwadziwa, ndinakula nawo. Akadzabwera usadzalimbane nawo. Zonse za m'laputopu zimalowa zokha m'kadisiki aka Lachisanu lililonse. Iwo adzatenge zimene akufuna, iwe udzabise aka basi."

Tionenji kanemayo sanaonere. Nthawi imeneyo mwiniwake anali akadalipo, akupuma pambali pake, ndipo kumuonera akutsanzika kukanakhala ngati kumuitanira imfa.

Patatha masabata atatu chitengereni katundu, anasamukira m'kachipinda kamodzi ku Biwi. Mvula yoyamba itagwa denga linadontha paliponse, ndipo mantha anamugwira kuti chinyontho chingalowe m'kadisiki kaja. Anaganiza zokopera kanemayo pa fulashi kuti zikhale ziwiri. Koma tinene zoona, chinyontho chinali chonamizira chabe. Anali atasowa mawu a mwamuna wake, moti nthawi zina ankaima pakati pa kuchapa n'kuyesa kukumbukira mmene ankasekera, koma osakumbuka bwino.

Pamsika pa Biwi panali kashopu ka a Yasir, bambo wa imvi m'ndevu amene ankaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi, komanso kukonza makompyuta. Iwo analumikiza kadisiki kaja, n'kukankhira mpando kwa Tionenji kuti aone nawo.

Zinthu zinalimo zambirimbiri. Zithunzi, nyimbo za kwaya, maukwati a anthu osawadziwa, ulionse wodulidwadulidwa m'tizigawo ta mphindi makumi awiri. Kenaka panaoneka foda yolembedwa dzina la Mwawi.

A Yasir anaitsegula. Munalibe kanthu.

"Mwina ili pena," anatero Tionenji. "Tayang'anani bwino, abambo. Mwamuna wanga sankanama."

A Yasir anayang'anadi, foda ndi foda, osathamanga. Atatopa anatsegula kafayilo kena ka malemba okhaokha, kamene pulogalamu yosungira zinthu imalembamo ntchito imene yagwira. Anawerenga chamumtima, akutsata mizere ndi chala. Kenaka anavula magalasi.

"Sananame, mayi. Disikiyi ndi imene inakana."

"Kukana bwanji? Disiki imakana?"

"Imakana. Disiki iliyonse ili ndi kakonzedwe kake ka m'kati. Iyi anaikonza mwachikale, timati FAT32. Ojambula maukwati ambiri amatero, chifukwa ma TV a m'makomomu amawerenga zimenezo, ndiye kasitomala amangobaya n'kuonera ukwati wake. Koma kakonzedwe kameneka khomo lake n'laling'ono. Fayilo ikapitirira magiga anayi, silowa. N'chifukwa chake maukwatiwa ankawadula tizigawo. Kanema wa mwanayu sanamudule. Ndi mmodzi, wa magiga khumi ndi limodzi."

Anamusonyeza mizere inayi yofanana, iliyonse ya Lachisanu lake. Pamwamba pulogalamu inkalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti yamaliza. Pansi penipeni, ndi timalemba tosaoneka bwino, inkawonjezera kuti fayilo imodzi yalephera chifukwa chokula. Munthu wotupa miyendo, amene maso ake anali atayamba kuchita mdima, akanationa bwanji timalemba timeneto? Levi ankaona mawu akuti yamaliza, n'kutseka laputopu, n'kukagona mtima uli m'malo.

"Akanangoisintha kukhala exFAT kapena NTFS," anayamba a Yasir, "bwenzi..."

"Musandiuze za akanati," anawadula Tionenji. Mawu anatuluka okalipa kuposa mmene anafunira, koma sanapepese. "Ali kuti mwamuna wanga?"

A Yasir anamvetsa funsolo. "Ali m'laputopu momwe anasungiramo kanemayo. Ili kuti laputopuyo?"

Tionenji anaona m'maganizo dzanja lake lomwe likupereka chaja. Anamva manyazi otentha, ngati munthu amene walondera nkhokwe usiku ndi usana, osadziwa kuti chimanga chinatuluka kale. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Iye wake anali pamphuno, n'kumupereka yekha ndi manja awiri.

"Fulumirani," anatero a Yasir. "Ngakhale atafufuta, nthawi zina timatha kukumba n'kupeza. Koma akafufuta n'kudzazamo zina pamwamba, basi kwatha."

Tionenji anasiya Mwawi kwa mayi woyandikana naye nyumba. Anakwera minibasi ya m'tauni, kenaka ya ku Area 25, ndipo paliponse pamene kondakitala ankaimitsa kudikira okwera, iye ankafuna kutsika kuti athamange wapansi.

Anawapeza a Ezekiel ali pakhonde, akukonzekera zokalalikira ku mapemphero a mlaga, poti anali mkulu wa mpingo. Kudzera pa chitseko Tionenji anaona mipando yake itakhala bwinobwino pabalaza, itavekedwa tinsalu toluka. Sanaiyang'ane kawiri. Anagwada pa simenti, ndipo malonje anayenda mwa dongosolo lake, za mvula, za mwana, za ulendo, pamene iye m'kati akuyaka moto.

"Alamu, sindinabwerere katundu," anatero pomaliza. "Zonse zikhale. Ndingopempha laputopu ija tsiku limodzi lokha. Muli kanema amene ang'ono anu anajambulira mwana wawo. Ndikangokopera, ndibweza ndi manja anga."

A Ezekiel anatseka buku limene ankawerenga.

"Mwachedwa, mlamu. Inapita ndi mnyamata ku Mzuzu. Tisanamupatse tinakaipukutitsa m'tauni, anachotsa zonse n'kuikamo zatsopano. Panopa akuti yadzaza kale ndi mabuku ake ndi mafilimu, akufuna ina yaikulu."

"Wopukutayo sanafunse ngati muli zofunika kusunga?"

"Anafunsa."

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndinati achotse zonse." Anaika buku lija pambali. "Zovala za malemu timachapa tisanavale, mlamu. Nanga mwana akanapita kusukulu ndi maliro m'chikwama?"

Tionenji anayang'ana nkhope ya bamboyo, ndipo anaona kuti pali china chimene sakunena. Munthu amene anatulutsa mipando m'nyumba ya mkazi wamasiye osaphethira n'komwe, lero ankalephera kumuyang'ana m'maso.

"Munamuona," anatero Tionenji. "Munatsegula kanemayo."

A Ezekiel anagwedeza mutu kuvomera. "Tsiku lomwelo titafika nayo. Ndinaona dzina la mwana, ndiye ndinati mwina ndi zithunzi za tsiku lake lobadwa. Kungodina, uyu Levi, akundiyang'ana. Ataonda, suti ikulendewera. Ine amene ndinamubereka kumsana kwathu ku Rumphi. Sindinapirire, mlamu. Ndinaopa."

Mkwiyo umene Tionenji anabwera nawo unasowa pogwira. Akanawatukwana, akanakuwa mpaka Area 25 yonse itamva, koma zikanabweza chiyani? Pa dziko lonse lapansi munthu mmodzi yekha ndi amene anamvako mawu amenewo, ndipo anali bambo amene wakhala pamaso pakeyu. Anasendera pafupi ali chogwada, ngati wopempha mchere.

"Ndiuzeni zimene ananena. Zonse zimene mukukumbuka, ngakhale zosalongosoka. Ndikazilemba, mwana adzawerenge akadzakula."

"Anayamba wakonza mpando," anatero a Ezekiel pang'onopang'ono. "Kenaka anakhosomola, n'kumwa madzi. Anamwetulira."

"Eya. Kenaka?"

"Kenaka anati, 'Mwawi, mwana wanga, khala pansi ndikuuze.'"

Tionenji anadikira. Kumsewu kunadutsa njinga ya makala ikulira tcheni. Anadikirabe, maso ali pa milomo ya alamu ake.

"Kenaka anati chiyani, alamu?"

"Pamenepo m'pamene ndinatseka."