Wailesi Yopepuka

Denga la chipinda chakumapeto linayambanso kudontha, ndipo monga mwa masiku onse, amene anaona anali mayi. Amuna awo anali pabalaza, mutu uli m'mimba mwa wailesi ya mwini hotela, akuimba mluzu ngati mvulayo ikugwera anthu ena.

Bambowo ankakonza mawailesi akale, aja amatabwa okhala ndi timababu tagalasi m'kati, timene amisiri amati mavavu. Luso anali nalo, zimenezo palibe ankatsutsa. Chimene analibe ndi mawu oti ayi. Aliyense wobwera ndi chibokosi cha agogo ake ankauzidwa kuti, "Siyani, mubwere mawa," mpaka msewu wonse unawapatsa dzina loti a Mawamawa. Mawailesi anadzaza chipinda chimene ana ankagona asanakule, nasefukira pansi pa bedi, ina mpaka pamwamba pa filiji. Mayi ankasitira zovala pabedi chifukwa tebulo linalandidwa kalekale.

Mayi anayamba kusuntha okha mawailesi a m'chipinda chodonthacho. Pakona penipeni pamene madzi ankagwera panali wailesi ya malemu bambo awo owabereka. Inalowa m'nyumbamo maliro atangotha, amuna awiri ataigwirira uku ndi uku akubuula. Inali itasiya kulankhula, ndipo a Mawamawa analonjeza pamaso pa abale onse kuti aidzutsa. Mwana amene anali kumsana tsiku limenelo tsopano anali ndi ndevu.

Mayi anapinda mawondo, naluma mano, nakoka ndi mphamvu zawo zonse. Anatsala pang'ono kugwa chagada. Chibokosicho chinanyamuka ngati dengu lopanda kanthu.

Anachitembenuza. Chivindikiro chakumbuyo chinali chongotsamiritsa. M'kati munali fumbi, manyi a makoswe ndi timawaya todukaduka. Basi.

Anachinyamula ndi dzanja limodzi, dala, mpaka pabalaza, nachikhazika patebulo pamwamba pa zida zonse.

"Bambo a ana, zam'kati mwa wailesi ya bambo anga zili kuti?"

Mluzu unaduka. Bambowo anatulutsa mutu, nayang'ana bokosilo, nayang'ananso kudenga.

"Imeneyo? Musadandaule mayi, ndinangobwerekako."

"Kubwereka kwa ndani? Munapita kumanda kukapempha?"

"Inunso mukudziwa kuti zipangizo za mawailesi amenewa sizipezekanso m'sitolo. Kasitomala akandipanikiza ndimatenga mu wailesi imene mwini wake sakufulumira. Ndikapeza china ndimabwezera. Amisiri onse amatero."

"Ndiye wosafulumirayo ndine."

"Inu ndinu a m'nyumba."

"Wa m'nyumba, eti. Wophika, wochapa, wopukuta fumbi pa mawailesi a eni ake. Ndikanakhala wobwera pagalimoto n'kuliza hutala pageti, bwenzi ikulira kalekale. Chiyambire kubwereka kwanuko, mwabwezerapo chiyani? Ndionetseni ngakhale kawaya kamodzi."

Bambowo anaona kuti nkhani yawakulira, nayesa kuizembetsa.

"Tamverani kaye iyi, mtima utsike. Ndaimaliza m'mawa uno."

Anayatsa wailesi ya mwini hotela. Mavavu anayamba kufiira pang'onopang'ono, kenako mawu anatuluka, akuya, odzaza nyumba yonse. Mayi sankamvetsera. Kumbuyo kwa wailesiyo kunali kosatseka, ndipo maso awo anagwera pa sipika. Pa pepala lake lakuda panali mzere wofiira, wokhotakhota, wotalika ngati chala.

Mzere umenewo ankaudziwa. Ali kamtsikana anaboola pepalalo ndi chala pofuna kuona anthu olankhula m'katimo. Bambo awo sanawamenye. Anatenga kyuteksi wofiira wopaka m'zikhadabo wa akazi awo namata pong'ambikapo, uku akuti, "Wawatsegulira khomo anthuwa, tiwatsekere asanathawe."

Mayi anazula pulagi kukhoma. Nyimbo inafera pakati. Anatola sikuludiraiva patebulo.

"Mayi, musagwire m'menemo. Zinthu izi zimasunga magetsi ngakhale mutazimitsa."

"Ndiye masulani nokha."

"Mwini wake akubwera lero lomwe. Akufuna izikalira polandirira alendo."

"Bambo anga azikalandira alendo kuhotela, ine ndikupukuta bokosi la makoswe? Masulani. Mukapanda kutero nditenga mpeni kukhitchini."

Hutala inalira pageti.

Mwini hotela analowa akukutumula ambulera. Anali munthu wamkulu thupi, woseka asanalankhule.

"A Mawamawa, lero ndiye lero, eti? Mwaswera bwanji mayi?"

A Mawamawa anamwetulira mano okhaokha, maso ali kwa akazi awo, kupempha. Mayi anawaona maso amenewo. Anali omwe aja a tsiku lililonse pamene munthu wagogoda kufuna wailesi yake, iwo n'kutumidwa kukanena kuti amisiri atulukapo pang'ono, pamene amisiriwo abisala kubafa.

"Ndaswera bwino, bambo. Koma pepani, wailesi yanu ilibe sipika. Imene ilimoyo ndi ya malemu bambo anga, ndipo situluka m'nyumba muno."

"Mayi, izi tikambirana patokha," anatero amuna awo motsitsa mawu.

"Takambirana patokha mpaka mwana wamera ndevu."

Mwini hotela anasiya kuseka. Anasuzumira m'bokosi lopanda kanthu lija, nasuzumiranso mu wailesi yake.

"Amisiri, n'zoona zimenezi?"

Bambowo anagwedeza mutu kuvomera.

"Nanga yanga, imene ndinabwera nayo, ili kuti? Paja munati ndi yabwinobwino."

"Ili kwa adokotala. Iwo anafulumira."

"Ndiye kuti mawailesi onse odutsa m'manja mwanu ndi pachibale." Anatola ambulera yake. "Chotsani ya mayiwa muwapatse. Ine za eni ake sindiika pahotela panga. Yanga ija mukaitenge komwe munaikwatitsako, ndiipeze ili m'malo mwake."

Anatuluka osatsanzika. Galimoto italira n'kupita, m'nyumbamo munangotsala phokoso la madzi odontha kuchipinda chakumapeto.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa kasitomala," anatero bambowo.

"Manyazi mwawaona lero? Ine ndawasenza zaka zonsezi. Achimwene akafunsa za wailesi ya bambo ndimati ili pafupi kutha. Kutha inathadi. Masulani."

Anamasula. Manja awo, ngakhale mtima unali utawawa, anagwira ntchitoyo mwaulemu, osakhudza pepala. Mayi analandira sipikayo ndi manja awiri. Inali yolemera kuposa bokosi lonse limene inachokamo. Anauzira fumbi pa mzere wofiira uja, naigoneka m'kati mwa wailesi ya bambo awo.

"Zina zili kuti?"

"Mavavu ali kwa aphunzitsi opuma aja. Thiransifoma ili kwa mayi wogulitsa mankhwala. Zing'onozing'ono ndiyenera kukumbukira kaye."

"Muzikumbukira tikuyenda."

"Koma mayi, anthu amenewo mawailesi awo akulira bwinobwino. Ndikawauza chiyani?"

"Zomwe mwandiuza ine. Kuti munangobwereka."

Analowa kuchipinda, natuluka ndi nsapato za amuna awo, naziponya pafupi ndi mapazi awo. M'chikwama chawo anaikamo sikuludiraiva ndi thaulo lokulungira mavavu.

"Mvula ikugwa, mayi. Bwanji tipite mawa?"

Mayi anakaika beseni pamene pankadontha paja, natenga ambulera kuseri kwa chitseko. Anatsegula chitsekocho mpaka kumapeto, mphepo yonyowa n'kulowa mpaka patebulo la mawailesi, ndipo anaima pomwepo mpaka bambowo anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato.