Maliro a Mlimi wa ku Australia

Wandilakwira ndi Lois, nesi wa kutchalitchi kwathu ku Woolwich. Wauza azungu kuti kulira kwanga ndi chikhalidwe.

Ndi yemweyo anandikokera ku kalasi ya akuluakulu, ati amayi, chimwalirire amuna anu a Goodwell mwangokhala m'fulati ngati mpando. Lachiwiri lililonse masana timaonera filimu ya ku Australia, kenako n'kukambirana. Ine wa Sitandade 6! Chizungu cha ku London chimandipeza movutikira, ndiye cha anthu oyankhulira m'mphuno? Koma kalasiyo ndinaikonda. Hita yotenthetsa m'chipinda ndi yaulere, ndipo fumbi lofiira la m'mafilimu awo lija ngati kwathu ku Mchinji.

Sabata yatha anaika ya mlimi wa nkhosa. Wagwa pathirakitala, wafa. Kumanda anthu osadzaza ngakhale benchi. Nyimbo ayi. Mkazi wake njo, chipewa kumutu, maso gwa, ntchentche zikumutera.

Kwathu namfedwa sitimusiya yekha. Ndinangomva pakamwa panga patseguka.

"Mayo ine! Mwamuna wanga ine!"

A Harry, aphunzitsi athu, anaimitsa filimu n'kuyatsa magetsi. Nkhalamba ina inandipatsa tishu imodzi. Imodzi, chigumula chonse chija!

"Amayi, chonde, ndi akitala uyu," Lois akunditsina. "Ali moyo, mwina akudya tchipisi pano."

"Ndisiye iwe! Ukuyesa sindidziwa?"

Ndinkadziwa. Kungoti a Goodwell tinawaika chimodzimodzi ku Plumstead, mvula ikuwaza, ena akuyang'ana wotchi kuti apite ku shifiti. Tsiku limenelo Lois yemweyu anandinong'oneza kuti kuno sakuwa, aneba aitana polisi. Ndinameza kulira kwanga. Ndiye ndakalirira mwamuna wanga pamaliro a mzungu wabodza, mpango uli pansi, nsapato imodzi yavuka.

Lois anaimirira n'kuwamasulira mwaulemu wake wa kuchipatala, ati musadandaule, ndi kalicha yathu. Azungu mitu gwedegwede, kusangalala. Mayi wina mpaka kulemba.

Dzulo a Harry anaimba foni. Akuti Lachiwiri, tisanamalize filimu ija, ndiime kutsogolo ndifotokoze kaliridwe ka ku Africa. Ngati n'kotheka ndionetseko pang'ono.

Ndionetseko! Ndine wailesi ine, yotsegula ndi kutseka?

Lois akuti, "Mungopita amayi, akukondani. Mukakana aziti ife ndife ovuta."

Chondipsetsa mtima kwambiri n'choti ndikufuna kupita. Ndikufuna ndione ngati mkazi wa mlimi uja adzalire, kapena agulitsa nkhosa n'kukwera basi maso ali gwa choncho. Ndikakhala kunyumba, Lachiwiri libwerera kukhala ine ndi khoma. Ndikapita, a Goodwell asanduka phunziro la anthu omwa tiyi.

Bulauzi ndasita kale, chitsiru ine.

Inu mwawerengatu zonsezi mutakhala phee ngati azungu a m'kalasi. Musandipatse tishu. Ndipite kapena ndisapite? Ndiyankheni!