Utsi wa Njerwa za Bekhaman

Masana aliwonse Sanumaya ankakwera pamwamba pa nyumba kukayanika tsabola, n'kumangowodzera pompo. Mapiri oyera pamwamba anasiya kalekale kuonekera mumzinda wawo wa Bhaktapur, utsi wa mauvuni a njerwa unawameza. Koma iye akangotsinzina, mapiriwo ankabwerera onse, ndipo m'munsi mwake ankaonamo malemu mwamuna wake Bekhaman, matope mpaka m'zigongono, akuumba njerwa uku akuimba mosalongosoka. Ankamusowa kwambiri bamboyo, ndi kuimba kwake koipako komwe.

Tsiku lina anadzutsidwa ndi mwana wake Dipendra, amene anali atangobwera kuchokera kuntchito ku Qatar, m'mutu muli simenti yokhayokha.

"Amayi, nyumba iyi yatopa. Denga likudontha, mphepo ikungolowa ngati kwawo. Tiyeni tiigwetse, ndikumangireni yansanjika zisanu. Mwina pamwambapo mapiri anu aja mudzawaonanso."

"Njerwa zake uzitenga kuti?" anafunsa Sanumaya, tulo tili m'maso.

Dipendra analoza ndi mlomo kumene machumuni ankafuka.

"Ohoo! Uwonjezere utsi kuti ine ndione bwino? Nzeru zimene unatengako ku Qatar ndi zimenezi?"

Dipendra anaseka, koma sanagonje. Anati amisiri ogwetsa anali atapangana nawo kale. Sanumaya mtima unamupweteka. Anadzuka n'kumugwira dzanja Dipendra ngati akadali kamwana kosavala nsapato, n'kutsika naye pamakwerero mpaka pamene khoma linasupuka. Njerwa iliyonse inali ndi kadzenje pakona, pamene Bekhaman ankadina ndi chala chachikulu poichotsa m'chikombole.

"Ika chala apa."

Chala cha Dipendra chinakwanamo ndendende. Njerwayo inali yofunda, ngati munthu wangoisiya kumene.

"Utsi wa njerwa izi unakwera kale kumwamba, mwanangu," anatero Sanumaya. "Wina unatsalira m'chifuwa cha bambo ako mpaka unawatenga. Nyumba ino anthu anaikhosomolera kale. Nanga yatsopanoyo aikhosomolere ndani? Amene akuotcha njerwa uko nayenso ali ndi mwana."

Kunja nkhunda zinauluka, kuwala kwa dzuwa kukuyandama m'fumbi la pamakwerero. Dipendra anakhala nthawi yaitali chala chili pomwepo. Kenako anapukuta m'maso ndi phewa n'kuyang'ana kumwamba, kumene mitanda inada ndi chinyezi.

"Amayi," anatero chapansipansi, "tandionetsani, denga lija likudontha pati kwenikweni?"