Mkuyu wa Kuseri kwa Nyumba

"Mtengo uwu sudulidwa ine ndili moyo," ndinatero, fumbi la ulendo lisanachoke m'nsapato.

Achemwali anga sanadzutse n'komwe mutu. "Achimwene, mizu yang'amba khoma la chipinda cha amayi. Mvula ikagwa timawasuntha ngati katundu. Wamacheka abwera mawa."

Ndinawaphunzitsa monga ndinkaphunzitsira ana a eni kunja kuja zaka zonsezi. Ndinati uwu si mkuyu wamba, ndi wa m'nkhalango za m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo mabuku amati mitengo yotere yatsala yowerengeka. Nkhalango ya ubwana wanga munaiotcha makala, ndinatero, lero mukufuna kupha mboni yotsala.

"Mabuku anuwo azibwera kudzakolopa," anatero achemwali.

Amayi anali pakhonde, kumvetsera. Maso anawathera ine ndili kutali.

"Musiye Mleme wanga," anatero, kunditchula dzina limene ndinali nditaliiwala. "Ankaswera m'mwambamo ameneyu. Macheka ndakhala ndikuwakana chifukwa cha iye. Ngati amadyabe nkhuyu, mtengo ukhala, khoma tidzamata."

Anamasula mfundo ya nsalu yawo. Munali nkhuyu zimene anali atatola okha m'mawa, chopapasa pansi.

Ndinang'amba imodzi. M'kati munali piringupiringu, tizilombo takuda tija. Ndinawerengapo zambiri za ito. Ndimadziwa kuti popanda ito mkuyu subala. Ndili mwana ndinkangouzira kamodzi n'kuponya m'kamwa. Koma tsiku limenelo mmero unakana, unakaniratu. Ndinalowetsa nkhuyuzo m'thumba la malaya n'kuyamba kutafuna mphepo, achemwali akundiyang'ana.

"Zikukoma, amayi. Ngati kale."

Amayi anapendeketsa mutu, khutu lili kwa ine. Anadikira.

"Njere za nkhuyu zimalira m'mano, mwanawe."

Ndinafuna kunena za m'mimba, za ulendo wautali, koma amayi anali atayamba kale kukutumula nsalu yawo pang'onopang'ono.

"Wamachekayo umuuze alawire," amayi anauza achemwali, "dzuwa lisanatenthe."

M'mawa mwake sindinatuluke. Macheka akulira kuseri, ndinakhala pabedi chitseko chili chotseka, kuyang'ana malaya anga oyera pamsomali, ndi mzere wa nyerere umene unkakwera khoma kulowa m'thumba.